Kodi madzi a mu Ruo mwini wake ndani?

Ndikupatsani moni nonse anzanga a m'makalabu omvera wailesi, kuyambira kuno ku Majaua mpaka ku Milange kuboma, osaiwala inu a kutsidya amene mumamvera nafe limodzi ngakhale ndalama yanu ndi kwacha. Pali funso limene lavuta m'makalabu ambiri, makamaka chiyambire anyamata kugula timainjini topopera madzi m'madimba. Funso lake ndi lakuti: kodi madzi a mu Ruo ndi timitsinje tothira m'menemo, mwini wake ndani? Agogo amati ndi a Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena amati ndi a mfumu poti ndiye mwini dziko. Ana a sukulu amati ndi a boma, ndipo amanena molimba mtima ngati kuti pepala lake analiwerenga. Ine ndati ndilondole mbiri yake, chifukwa mayankho atatu onsewa ali ndi nthawi imene anali oona, ndipo lachitatulo lili ndi mchira umene ambirife sitiudziwa.

Makolo athu, Amang'anja pamodzi ndi Alomwe, analibe buku la malamulo, koma musaganize kuti kumtsinje kunali chipwirikiti. Doko lotungira madzi akumwa linkakhala kumtunda, lochapira ndi losambira kumunsi, amuna kwawo akazi kwawo, ndipo mwamuna wodutsa pafupi ndi doko la amayi ankaodira ali patali. Mitengo ya pa kasupe sinkadulidwa. Ankatiopseza kuti pamenepo pali njoka yaikulu yosunga madzi, ukadula mtengo njokayo isamuka ndipo kasupe aphwa. Lero alangizi akunena zomwezo, kungoti njoka aichotsamo. Mono ndi mpanda wake wotchinga nsomba zinali za amene wavutika kuluka ndi kuzika, ndipo kuonjola mono wa mnzako unali mlandu wolipira nkhuku. Kuthira katupe padziwe sinali nkhani ya munthu mmodzi ayi, pankafunika mawu a mfumu, chifukwa madzi omwewo akukamwedwa ndi mudzi wa kumunsi. Madzi osefukira akaphwa n'kusiya matope achonde, dimba linkabwerera ku mbumba imene inkalimapo kale, kutsata kuchikazi. Mkamwini ankalimapo ndithu, koma ukwati ukatha ankanyamula khasu lake lokha.

Mfundo yaikulu pa zonsezi inali yakuti madzi sagulitsidwa ndipo samanidwa. Munthu ankakhala mwini wa thukuta lake, monga chitsime chimene wakumba kapena ngalande imene watema, koma osati mwini wa madzi. Mvula ikavuta anthu ankathira nsembe, ndipo Amang'anja ankatumiza mphatso kwa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, popanda wofunsa chiphaso panjira. Sindikunena kuti zonse zinali zokoma. Dimba lonyowa bwino kawirikawiri linkagwera abale a mfumu, ndipo amayi amene ankasenza mtsuko tsiku ndi tsiku sankapatsidwa mpata wokwanira pabwalo. Koma lamulolo linali pafupi. Wolakwiridwa ankapita wapansi kukadandaula n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Lamulo loyamba lolembedwa limene linakhudza Ruo silinalembedwe chifukwa cha ludzu la munthu. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera ndi mtsinje wa Shire n'kumenyana ndi Amakololo, pamene Angelezi anali atalengeza kale kuti dziko la kumpoto kwa Ruo akuliteteza ndi iwo. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain, motsogozedwa ndi Lord Salisbury, linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake msangamsanga, apo ayi kuipa. Apwitikizi anagonja ndi mtima wowawa. Pa 11 Juni 1891 mayiko awiriwa anasaina pangano ku Lisbon, ndipo malire anawadutsitsa mu mtsinje wa kum'mawa wothira mu Ruo, umene ndi Muloza, kenako pakatikati pa Ruo mpaka pamene akumana ndi Shire ku Chiromo.

Tsono taonani zimene anasamala m'panganomo. Analemba kuti sitima za pamadzi ziziyenda mwaufulu mu Zambezi ndi mu Shire, ndipo Angelezi anapatsidwa malo ku Chinde otsitsirapo katundu. Mayi wotunga madzi, msodzi wa mono, mbumba imene manda ake ali tsidya lino koma dimba lili tsidya lija, onsewa mulibe. Mtsinje umene unali nkhokwe ya anthu a mtundu umodzi unasanduka mpanda pakati pawo, ndipo eni akewo anadzamva pambuyo pake, wokhometsa msonkho atafika.

Zaka za atsamunda sindikhalitsapo chifukwa akuluakulu amazifotokoza bwino kuposa ine. Dziko linabwerekedwa kwa makampani onga Companhia da Zambézia, imene inayamba mu 1892. Kenako kunabwera minda ya tiyi m'mphepete mwa phiri la Tumbine ndi ku Gurúè, chibalo, thonje lokakamiza ndi mbalamatodya. Anthu ambiri anaoloka Ruo kuthawira ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene anakakumana ndi thangata. Pa nkhani ya madzi ndi nthaka, chimene chinasintha n'chakuti kunabadwa mitundu iwiri ya ufulu. Mzungu ndi kampani anali ndi pepala losainidwa, pamene munthu wakuda, amene lamulo linkamutcha indígena, anali ndi mwambo wokha. Mwambowo ankaulekerera malinga ngati palibe wapepala amene akufuna malowo. Mfumu inasanduka regulo, wotolera msonkho ndi wosonkhanitsa anthu a chibalo. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, koma maganizo akuti pepala limaposa mwambo sanathe nalo limodzi. Makina opangira magetsi a pa Ruo kuno kwathu anayamba m'nthawi ya atsamundayo, ndipo ndi pamene anthu a kuno anaona kagwiritsidwe kena ka madzi: kupatutsa mtsinje ndi simenti kuti uzungulitse chitsulo.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, malamulo oyendetsera dziko ananena kuti nthaka, madzi ndi chuma cha pansi pa nthaka ndi za boma m'dzina la anthu onse. Apa ndi pamene yankho la ana a sukulu lija linayambira. Cholinga chinali chabwino, kuti pasapezekenso munthu wonena kuti mtsinje uwu ndi wanga. Koma boma la Frelimo linachotsanso ma regulo poti anagwira ntchito ndi atsamunda, n'kuikapo asekeretale ndi magulu a dinamizadori. Potaya regulo wotolera msonkho, anatayira kumodzi mfumu yoweruza za dimba ndi za doko. Kenako nkhondo. Mu 1986 Milange inagwa m'manja mwa Renamo, ndipo ambirife tinaoloka mtsinje womwewu, mitolo pamutu. Malawi inasunga anthu a kwathu pafupifupi 1 miliyoni. Ndikukumbuka kuti kutsidyako tinkaima pamzere pa mjigo kudikira eni mudzi atunge kaye, kwinaku tikuona mapiri a kwathu. Palibe anatimana madzi, ndipo zimenezi ndimazinena nthawi zonse. Mwambo wa makolo uja unagwira ntchito pamene boma lathu linalibe mphamvu yotifikira.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lalikulu la madzi la Mozambique linalembedwa nthawi yomweyo, ife tili kothawa. Ndi Lei de Águas, lamulo nambala 16/91 la pa 3 Ogasiti 1991, mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992 usanasainidwe. Apa ndiye ndikupemphani mutchere khutu, chifukwa mchira ndinanena uja uli pano.

Lamuloli linati madzi onse a m'mitsinje, m'nyanja ndi a pansi pa nthaka ndi chuma cha boma. Koma linagawa kagwiritsidwe kake pawiri. Gawo loyamba analitcha usos comuns, kutanthauza zosowa za pakhomo ndi za banja: kumwa, kuphika, kusamba, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba kakang'ono. Zimenezi linati ndi zaulere, sizifuna chilolezo, ndipo zizichitika motsata mwambo wa kumaloko, bola osaipitsa madzi kapena kupatutsa mtsinje m'njira yake. Linapitirira kunena kuti zosowa zimenezi ndizo zoyamba, moti chilolezo cha munthu wina sichiyenera kuperekedwa ngati chiti chiumitse doko la mudzi. Linalolanso munthu kugwiritsa ntchito kasupe kapena chitsime cha m'munda mwake, ndi madzi a mvula, pa zosowa za pakhomo ndi ulimi wamba. Ine nditamva izi koyamba ndinati, kodi si zomwe ankanena agogo izi? Zoonadi, mwambo wa makolo unalowa m'lamulo la boma, ndipo pamenepa olembawo ndimawavulira chipewa.

Gawo lachiwiri ndi la usos privativos, madzi otengedwa ndi munthu kapena kampani pa ntchito yake. Awa amafuna chilolezo cha zaka zochepa, kapena pangano lalitali lofika zaka 50, ndipo amalipiridwa. Opereka zilolezo ndi mabungwe oyang'anira madzi otchedwa ARA. Ruo amathira mu Shire, Shire mu Zambezi, choncho ife tinagwera ku ARA-Zambeze, imene likulu lake linali ku Tete. Tangoganizani, njira yachidule yochoka kuno kupita ku Tete ndi yodzera m'Malawi, kudumpha malire kawiri. Mu 2020 boma linaphatikiza mabungwewa kuchoka pa 5 kufika pa 3, ndipo ARA-Zambeze inalowa mu ARA-Centro.

Nanga mzere wolekanitsa magawo awiriwa uli pati? Lamulo linauika pa chida. Madzi aulere ndi otunga popanda makina ndi popanda paipi yokoka madzi kuchokera mumtsinje. Ndowa, mtsuko, kheni, zimenezo ndi zanu. Tsiku limene mwagulitsa nandolo n'kugula injini, n'kuponya paipi mu Ruo, mwatuluka m'gulu la mwambo ndipo mwalowa m'gulu limodzi ndi kampani ya nzimbe ya ku Marromeu, ngakhale dimba lanu ndi la tomato ndi mpiru. Apa ndiye pamandiwawa ine. Ufulu wa makolo unatetezedwa, inde, koma anaupima ndi ndowa. Ukhala wako malinga ngati ukusenza pamutu. Ukangofuna kutukuka pang'ono, ukufunika pepala, ndipo pepala amalipeza msanga ndi amene ali ndi galimoto ndi Chipwitikizi chosalala.

Komanso tisanamizane, malire ena ake akufunika. Chaka china, mwezi wa Okutobala, m'bale wanga wina anatchinga kamtsinje ndi matumba a mchenga kuti injini yake ipeze pomwera. Pasanathe sabata amayi a kumunsi ankafukula mchenga kuti apeze madzi ophikira. Sitinapite ku Tete. Tinapita kwa mfumu, ndipo anagamula kuti matumba achotsedwe, injini izilira mbandakucha wokha, masiku atatu pa sabata. M'bale wangayo anang'ung'udza koma anamvera. Chigamulo chimenecho sichinalembedwe paliponse, koma mukachiika pafupi ndi lamulo la 1991 muona kuti chikunena zomwezo: wakumwa ndiye woyamba, wothirira pambuyo. Vuto ndi lakuti mfumu ingathe kuuza mwana wa m'mudzi kuti azimitse injini, koma mlendo wobwera ndi chilolezo chodindidwa sangaimvere.

N'chifukwa chake lamulo la nthaka la 1997, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala, ndimaliwerengera pamodzi ndi la madzi. Linabwera anthu atangobwerera kuchokera kothawa, mikangano ya minda ili ponseponse. Linati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma mudzi kapena munthu amene akukhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT, ngakhale alibe pepala. Amene wakhala pamalo mwachilungamo zaka 10 nayenso ali nawo. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, linati ndi umboni wokwanira. Wofuna malo kuchokera kunja ayenera kuyamba wafunsa mudzi. Ndipo pofotokoza kuti mudzi n'chiyani, linatchula malo okhala, minda yolimidwa ndi yogonera, nkhalango, malo a miyambo, msipu, malo otungako madzi ndi malo oti ana adzakhalepo mtsogolo. Mwamva? Malo otungako madzi analembedwa ngati mbali ya chuma cha mudzi. Mu 2000, ndi Decreto 15/2000, boma linazindikiranso mafumu, n'kuwapatsa yunifolomu ndi mbendera, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 2004 anavomereza kuti m'dziko muno muli njira zingapo zoweruzira milandu, kuphatikizapo za mwambo. Zinatenga zaka 25 kuti boma libwerere kwa mfumu imene linaitaya mu 1975.

Koma m'lamulo lokomali muli kachiganizo kamene kakutikhudza ife a m'malire kuposa ena onse. Linatchula malo ena otetezedwa amene munthu sangapezepo DUAT, koma chilolezo chapadera chokha. Ena mwa malowo ndi mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 250 kuzungulira damu, ndi makilomita 2 kutsata malire a dziko. Tsono inu a m'mphepete mwa Ruo, yambirani pa mtsinje muyende makilomita 2 kulowa mkati, muwerenge madimba, nyumba, manda ndi matchalitchi amene mwadutsa. Malire amene anatipeza mu 1891 ndi omwewo amene akufooketsa ufulu wathu pa malo amene makolo ankalima malirewo kulibe. Palibe wabwera kudzatisamutsa, ndipo sindikufuna kuopseza munthu. Ndikungoti pamene boma linayamba kuunikanso malamulo a nthaka mu 2020, n'kuvomereza ndondomeko yatsopano ya nthaka mu 2022, nkhani ya makilomita 2 ndi imene ife tinayenera kuikweza kuposa ina iliyonse, ndipo mpaka pano ndi yofunika kuifunsa mlendo aliyense wa boma amene wabwera pa wailesi.

Ndiye pali theka lina la mtsinje. Ruo amachokera m'phiri la Mulanje, ndipo madzi ambiri amene amadutsa pano agwa ngati mvula m'dziko la eni. Kumeneko amadutsa m'minda ya tiyi ndi m'makina a magetsi, n'kulandira Thuchila asanatifike. Malawi inali ndi lamulo lake la madzi la 1969, n'kulemba latsopano mu 2013, ndipo nalonso limasiya madzi a pakhomo opanda chilolezo. Mayiko a SADC anasaina pangano la mitsinje yogawana ku Windhoek mu 2000, ndipo mu 2004 ku Kasane kunabadwa pangano la ZAMCOM, bungwe la mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011. Mfundo zake ndi zomveka: kugawana mwachilungamo, kudziwitsana usanamange chinthu chachikulu pamtsinje, osapweteka mnzako wa kumunsi. Ndi lamulo la doko lija, kungoti lavala jekete. Koma olankhula kumeneko ndi maboma, ndipo maso awo ali pa Kariba ndi Cahora Bassa. Mkangano wa msodzi wa kuno ndi msodzi wa ku Thekerani umathabe ndi mafumu awiri atakhala pa mchenga, ndipo nthawi zambiri amapezeka kuti ndi pachibale.

Mtsinje nawonso sunawerenge pangano la ku Lisbon. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anaononga makina athu a magetsi, amene bungwe la FUNAE linali litangowakonzanso, ndipo kumunsi, cha ku Makhanga, Ruo anasiya njira yake n'kutema ina. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anagumulanso magombe ndi kukwirira madimba ndi mchenga. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, koma Ruo wa masiku ano akumaiwala. Gombe likadyeka tsidya lino n'kukamera tsidya lija, dimba la mbumba limasowa, ndipo amene angachitire umboni kuti linali pati ndi nkhalamba zomwezo zimene zikutha chaka ndi chaka.

M'lamulo la 1991 muli mfundo ina imene sikambidwa kawirikawiri. Linati kagwiritsidwe ka madzi ka mwambo, kamene kalipodi ndipo n'kaphindu, kazindikiridwe ndi kulembedwa pamene kakupikisana ndi wachilolezo. Nalo lamulo la nthaka linatsegula njira yoti mudzi ujambule malire ake, ija amati delimitação, n'kulandira satifiketi. Pa ntchito imeneyi anthu amakonda kuloza minda ndi nkhalango, n'kuiwala madoko, akasupe, maiwe a nsomba ndi njira za ng'ombe zopita kumadzi, chifukwa amafunsidwa ndi amuna pamene odziwa madzi ndi amayi. Chimene sichinalembedwe, wa ku ofesi akayang'ana pa mapu amaona ngati mtsinje ulibe ougwiritsa ntchito.

Ku kalabu yathu tagula kope la masamba 96. Tagwirizana kuti mvula isanayambe tiyende ndi amayi achikulire atatu ndi nyakwawa, kuyambira ku doko la kumtunda mpaka kumalire ndi mudzi wa kumunsi, tilembe dzina la kasupe aliyense, amene amatungapo, mwezi umene amaphwa, ndi akasupe amene anauma kale. Eni mainjini nawonso tawauza kuti abwere, tilembe pamene aliyense amaponya paipi yake. Awiri avomera. Wachitatu akuti tikufuna kukamunenera ku boma, ndiye amfumu akuti akalankhula naye okha Lamlungu likubwerali akatuluka m'tchalitchi.